Chipani cholamula ndi nkhani yosintha kavotedwe: chikane, chizengereze, kapena chilolere?

Chipani cha BDP chinalamula dziko la Botswana kuyambira pa ufulu mu 1966 mpaka mu Okutobala 2024. Zaka 58 zonsezo chisankho chinkayenda m'njira imodzi: dziko logawidwa m'madera, dera lililonse phungu mmodzi, ndipo amene waposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi yokha, ndiye watenga mpando. Otsutsa ankapempha kuti mipando izigawidwa molingana ndi mavoti, koma BDP sinkafuna kumva. Inali ndi chifukwa chake. Mu 2014 inapeza mavoti osafika theka, pafupifupi 46 peresenti, koma inakolola mipando 37 mwa 57. Patapita zaka khumi njira yomweyo inaitembenukira. Mu 2024 BDP inali yachiwiri pa mavoti, ndi pafupifupi 30 peresenti, koma inatsala ndi aphungu 4 okha mwa 61, pamene chipani china cha BCP, chimene chinapeza mavoti ochepa kuposa iyo, chinalowa ndi aphungu 15. Mipando ikanagawidwa molingana ndi mavoti, BDP ikanakhala ndi aphungu 18 kapena 19, okwanira kuyambirapo kudzimanganso.

Nkhani imeneyi ndi imene imandibwerera anthu akamafunsa ngati chipani chimene chili m'boma chiyenera kuvomereza kusintha kavotedwe. Funsolo limamveka ngati lachibwana, pakuti ndani angakwirire chitsime chimene akumwapo? Koma chipani cholamula chimawerengera ndi masamu a chisankho chapita, pamene lamulo limene chikuliteteza lidzagwira ntchito pa chisankho chikubwera, nthawi imene mwina anthu adzakhala atatopa nacho.

Kuti timvane, kusintha kumene kumakambidwa kawirikawiri ndi kuchoka pa njira ya madera ija n'kupita ku ina mwa izi: yogawa mipando molingana ndi mavoti a chipani chilichonse, monga ku South Africa, yosakaniza, imene mipando ina ndi ya madera ndipo ina imagawidwa molingana ndi mavoti a chipani, monga ku Germany, New Zealand ndi Lesotho, yosanja, imene wovota amalemba 1, 2, 3 pa mayina monga ku Australia, kapena, pa mpando wa pulezidenti, lamulo la 50+1, loti wopambana apose theka la mavoti, apo ayi awiri otsogola apikisanenso. Koma pano sindikufuna kuweruza kuti yabwino koposa ndi iti. Ndikuyerekeza zimene chipani cholamula chingachite pempho losintha likafika pakhomo pake.

Kukana n'kusiya zinthu mmene zilili

Tisanamunyoze wokana, timve mbali yake. Njira ya madera ili ndi ubwino weniweni. Wovota amamudziwa phungu wake ndi dzina, amadziwa woti akamudandaulire ndiponso woti amuchotse. Nthawi zambiri chisankho chikatha boma limadziwika pasanapite masiku, ndipo likalephera lilibe mnzake woti limuloze chala. Okana amatchula Belgium, kumene pambuyo pa chisankho cha 2010 panadutsa masiku 541 zipani zikukokanakokana za boma, ndi Israel, kumene anthu anavota kasanu pakati pa Epulo 2019 ndi Novembala 2022. Zimenezo zinachitikadi.

Chimene okanawo satchula n'chakuti ubwino umenewu umayenda bwino zipani zazikulu zikakhala ziwiri. Zikafika zinayi kapena zisanu, njirayi imasanduka juga. Ku Britain mu 2024 Labour inapeza mavoti 33.7 peresenti n'kutenga mipando 411 mwa 650. Reform UK, ndi mavoti 14.3 peresenti, inapeza mipando 5, pamene Liberal Democrats, ndi 12.2 peresenti, inapeza 72. Munthu wa Labour atha kuona zimenezi ngati madalitso, koma chipani chimene chatsamira pa wovota mmodzi mwa atatu chakhala pa nthambi youma. Labour yomweyo ikudziwa: mu 2015 inali ndi mipando 41 ku Scotland, ndipo usiku umodzi inatsala ndi umodzi. Ku Canada mu 1993 chipani cholamula cha Progressive Conservative chinapeza mavoti 16 peresenti n'kutsala ndi aphungu awiri; nduna yaikulu Kim Campbell anataya mpando wake womwe, ndipo chipanicho sichinadzukenso ndi dzina lomwelo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Choncho kukana kuli ndi nzeru pamene mavoti a chipani ali pafupi ndi theka, opikisana nacho weniweni ndi mmodzi, ndipo anthu sakudandaula kwenikweni. Zinthu zitatuzi zikayamba kugwedera, wokana akungobetcha kuti mwayi wa dzulo udzabweranso.

Kulonjeza, kukhazikitsa komiti, n'kuiwala

Iyi ndiyo njira imene zipani zambiri zimatsata, ndipo mayendedwe ake amafanana modabwitsa. Chipani chili kotsutsa, chimalonjeza kusintha. Chikapambana, chimazindikira kuti njira imene chinkainyoza ndi imene yachipatsa mipando yonseyi. Kukana poyera n'kochititsa manyazi, ndiye chimasankha komiti.

Labour ya Tony Blair inalonjeza riferendamu ya kavotedwe mu manifesito ya 1997. Itapambana ndi mipando 418, inasankha komiti ya Roy Jenkins, imene inapereka lipoti lake mu 1998. Riferendamuyo sinachitike mpaka Labour inatuluka m'boma mu 2010. Ku South Africa gulu lotsogozedwa ndi Frederik van Zyl Slabbert linapereka lipoti mu 2003 lofuna kuti aphungu ambiri azisankhidwa m'madera m'malo mongochokera pa mndandanda wa chipani. Boma la ANC linaliika pa alumali. Koma wotchuka kwambiri pa njirayi ndi Justin Trudeau, amene analonjeza kuti chisankho cha 2015 chikhala chomaliza pa njira ya madera ku Canada. Anapambana ndi mavoti 39.5 peresenti ndi mipando 184 mwa 338. Komiti ya aphungu inagwira ntchito yake, inapereka lipoti mu Disembala 2016, ndipo mu Febuluwale 2017 boma linalengeza kuti nkhaniyo yasiyidwa.

Kodi Trudeau anataya chiyani? Tikanena zoona, pa masamu okha sanataye. Mu 2019 ndi mu 2021 chipani chake chinapeza mavoti ochepa kuposa Conservative koma mipando yambiri, ndipo chinakhalabe m'boma. Komabe polengeza zotula pansi udindo mu Januwale 2025, iye mwini anatchula kulephera kusintha kavotedwe ngati chinthu chimene amanong'oneza nacho bondo. Apa pali phunziro lobisika: iye ankafuna njira yosanja, imene ambiri ankaona kuti ikomera chipani chapakati ngati chake, pamene komiti inaloza ku njira yogawa mipando. Sanasiye chifukwa anthu anakana kusintha. Anasiya chifukwa kusintha kumene kunkabwera sikunali kumene iye ankakufuna.

Choopsa chachikulu cha kuzengereza si manyazi okha. Mlandu suwola, ndipo nkhani ikakhalitsa imakathera m'manja mwa ena. Ku Japan mu Juni 1993 nduna yaikulu Kiichi Miyazawa atalephera kupititsa malamulo osintha kavotedwe amene analonjeza, aphungu ena a chipani chake cha LDP anagwirizana ndi otsutsa n'kugwetsa boma. LDP inatuluka m'boma koyamba chiyambire 1955, ndipo njira yatsopano inakhazikitsidwa mu 1994 iyo ili kotsutsa. Ku Malawi bungwe lounika malamulo linapereka maganizo oti pakhale 50+1, koma mu Disembala 2017 Nyumba ya Malamulo inakana, mbali ya boma ili patsogolo pa okanawo. Peter Mutharika anali atapambana mu 2014 ndi mavoti 36.4 peresenti, ndipo chipani chake cha DPP chinkaona kuti lamulolo lidzachipweteka. Pa 3 Febuluwale 2020 khothi linafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019 n'kutanthauzira kuti wopambana ayenera kuposa theka. Lamulo limene chipani chinalikana m'Nyumba chinalilandira kuchokera kwa oweruza, pa nthawi imene sichinasankhe, ndipo chinagonja mu Juni chaka chomwecho. Chodabwitsa chinabwera mu Seputembala 2025: Mutharika yemweyo anabwerera pampando pansi pa lamulo lomwelo ndi mavoti 56.8 peresenti. Chimene ankachiopa sichinali chomutsekera khomo. Chinangofuna kuti asake mavoti kunja kwa kumene anazolowera.

Kusintha, koma kusoka malaya pa msinkhu wako

Pali chipani china chimene sichikana konse. Chimaona kuti mphepo yatembenuka, ndiye chimathamanga kusintha lamulo chokha, mogwiritsa ntchito aphungu ake, m'njira yoti chidzipulumutse. Pa njira zonse, iyi ndi imene ndimaikayikira kwambiri, ngakhale kuti nthawi zina imagwira.

Inagwira ku Australia mu 1918. Pa chisankho chapadera cha dera la Swan, Labor inapambana ndi mavoti ongopitirira pang'ono gawo limodzi mwa atatu chifukwa chipani cholamula ndi cha alimi zinagawana otsatira. Boma la Billy Hughes linabweretsa njira yosanja mwamsanga, ndipo njirayo ikugwirabe ntchito mpaka lero. Inakhalitsa chifukwa ngakhale inabadwa m'dyera, sinkapereka mphatso kwa chipani chimodzi. Aliyense atha kupambana nayo, ndipo Labor yapambana nayo kangapo.

Kwina zinathera m'misozi. Pulezidenti François Mitterrand, ataona kuti chipani chake cha Socialist chigonja, anabweretsa njira yogawa mipando pa chisankho cha 1986 ku France. Anachepetsadi kukula kwa kugonjako, koma mbali yotsutsa inapambanabe, chipani cha Front National chinalowa ndi aphungu 35, ndipo boma latsopano la Jacques Chirac linabweza lamulo lakale nthawi yomweyo. Ku Italy zinafika pochititsa chisoni ndi kuseketsa pamodzi. Kumapeto kwa 2005 boma la Silvio Berlusconi linakonza lamulo lopatsa mgwirizano wotsogola mipando 340 m'nyumba ya aphungu, kaya watsogola ndi mavoti angati. Mu Epulo 2006 mgwirizano wa Romano Prodi unatsogola ndi mavoti pafupifupi 25,000 okha m'dziko lonse, n'kutenga mphatso imene Berlusconi anadzikonzera. Pambuyo pake khothi loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti mbali zina za lamulolo n'zosemphana ndi malamulowo. Wokumba mbuna anagweramo yekha.

Chifukwa chake n'chosavuta. Chipani chimasoka lamulo poyeza ndi mmene anthu anavotera kale, kuiwala kuti lamulo likasintha, ovota ndi zipani amasinthanso kachitidwe. Otsutsa amene ankayenda payekhapayekha amagwirana manja. Wovota amene ankaopa kutaya voti yake pa chipani chaching'ono amalimba mtima. Ndiponso lamulo lodutsa ndi mavoti a mbali imodzi limafa ndi boma limene linalibereka. N'chifukwa chake mayiko a ECOWAS, bungwe la kumadzulo kwa Africa, anagwirizana mu 2001 kuti malamulo a zisankho asasinthidwe kwambiri kutatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti anthu avote, pokhapokha ambiri mwa andale atavomereza.

Kuwafunsa eni ake

Riferendamu imamveka ngati njira yoyera, koma nayo ili ndi mitundu iwiri: yofunsadi anthu, ndi yophera nkhani mwaulemu. Ya ku Britain ya pa 5 Meyi 2011 inali pafupi ndi mtundu wachiwiri. Inabwera ngati mtengo wa mgwirizano wa Conservative ndi Liberal Democrats, inapereka njira imodzi yokha, yosanja, imene ngakhale ofuna kusintha sankaikonda kwenikweni, ndipo nduna yaikulu David Cameron ankakopa anthu kuti akane. Anakanadi ndi 68 peresenti, ndipo kwa zaka zambiri aliyense woyambitsa nkhaniyo ankauzidwa kuti anthu anayankha kale. Ku British Columbia, chigawo cha Canada, anachita bwino poyamba: anasankha nzika wamba mwa maere kuti ziphunzire njira zonse ndi kupereka imodzi. Mu 2005 anthu 57.7 peresenti anavomereza, koma boma linali litaika mpanda wa 60 peresenti, ndiye ambiri anagonja kwa ochepa.

New Zealand ndiye chitsanzo choyenera kukhalapo pang'ono. Mu 1978 ndi mu 1981 Labour ya kumeneko inapeza mavoti ambiri kuposa chipani cha National koma National inalamula. Mu 1981 chipani cha Social Credit chinapeza mavoti opitirira 20 peresenti n'kupatsidwa mipando iwiri. Komiti yapadera inapereka maganizo mu 1986 oti dziko litenge njira yosakaniza ya MMP. Atsogoleri a zipani zazikulu zonse ziwiri sankaifuna, koma National ya Jim Bolger inali italonjeza riferendamu, ndipo inasunga lonjezo. Anafunsa anthu kawiri. Mu 1992 funso linali loti kodi tisinthe, ndipo ngati tisintha titenge iti mwa njira zinayi. Pafupifupi 85 peresenti anati tisinthe. Mu 1993 njira yakale inayang'anizana ndi MMP, ndipo MMP inapambana ndi pafupifupi 54 peresenti. Chisankho choyamba pa njira yatsopano chinachitika mu 1996, patatha zaka zitatu zokonzekera.

Kodi National inadzipha? Ayi. Inapitiriza kulamula mu 1996, ngakhale panafunika miyezi pafupifupi iwiri yokambirana ndi Winston Peters, mtsogoleri wa chipani chaching'ono cha New Zealand First, ndipo inalamulanso zaka zisanu ndi zinayi kuyambira 2008. Koma mtengo unalipo, ndipo si bwino kuubisa: mu 2017 National inatsogola ndi mavoti 44 peresenti, koma zipani zina zitatu zinagwirizana n'kupanga boma popanda iyo. Pa njira yakale zimenezo zikanavuta kuchitika. Chimene chipani chimagula ndi MMP ndi chitetezo kuti sichidzafafanizika. Chimene chimalipira ndi kulamula chokha popanda womufunsa. Anthu atafunsidwanso mu 2011, pafupifupi 58 peresenti anati MMP ikhale.

Kukhala pansi ndi otsutsa, lamulo n'kudzayamba mtsogolo

Lesotho inafika pa njira imeneyi itapsa kale. Mu 1998 chipani cholamula cha LCD chinapeza mavoti pafupifupi 60 peresenti n'kutenga mipando 79 mwa 80. Chipani chotsutsa cha BNP, ndi mavoti pafupifupi gawo limodzi mwa anayi, chinapeza mpando umodzi. Kunabuka zipolowe, asilikali a South Africa ndi Botswana analowa mu Seputembala, ndipo mbali yaikulu ya pakati pa mzinda wa Maseru inatenthedwa. Zitatero zipani zinakhala pansi n'kugwirizana za mipando 80 ya madera ndi 40 yowongolera kusiyana. Mu 2002 LCD inapambanabe n'kupanga boma, koma BNP inalowa ndi aphungu 21, ndipo mkwiyo unachoka mumsewu n'kulowa m'Nyumba ya Malamulo. Sikuti zonse zinakoma. Mu 2007 zipani zazikulu zinapeza kobowolera pogwiritsa ntchito tizipani tating'ono kuti zitenge ndi mipando yowongolera ija, ndipo kuyambira 2012 maboma a mgwirizano akhala akugwa msanga, moti anthu anavota mu 2012, 2015 ndi 2017. Chikomekome cha mkuyu: njira yosakaniza nayo ili ndi nyerere zake ngati lamulo silinatseke mipata ndipo aphungu ali ndi ufulu wodumphadumpha.

Ngakhale zili choncho, ndikayika njira zisanuzi pa sikelo, ndimatsamira kuno, makamaka ikaphatikizidwa ndi kufunsa anthu monga anachitira ku New Zealand. Chipani chizichita zimenezi chikadali ndi mphamvu, chifukwa ndi pamene mawu ake amamveka pa zinthu zing'onozing'ono zimene ndiye zimaweruza zonse: mpanda wa mavoti oyenera kuti chipani chilowe ukhale pati (Germany ndi New Zealand anauika pa 5 peresenti, Israel pa 3.25), madera atsale angati, mndandanda wa chipani uzilembedwa ndi ndani, oyima paokha alowa bwanji. Chikadikira mpaka chitayamba kugwa, aliyense adzaona kuti chikungofuna pothawira, ngati Mitterrand. Ndipo lamulo likanenedwa kuti lidzayamba pambuyo pa chisankho chikubwerachi, palibe amene angadziwe kuti lidzakomera yani, choncho anthu amakambirana ndi mitu yozizira.

Mdani wamkulu wa njirayi sakhala kotsutsa ayi. Amakhala pa mabenchi a boma. Mtsogoleri atha kuona patali, koma amene adzavote pa bilu ndi aphungu, ndipo aliyense wa iwo analowa kudzera pa njira imene akuuzidwa kuti aithetse. Chipani chokhala ndi aphungu 411 pa mavoti 34 peresenti chikutanthauza kuti pa njira yogawa mipando, aphungu ake pafupifupi 190 sakanakhalamo. N'chifukwa chake msonkhano waukulu wa Labour unavomereza njira yogawa mipando mu 2022 koma utsogoleri sunaiike mu manifesito. Mamembala wamba alibe mpando woti ataye. Aphungu ali nawo. Mtsogoleri wofunadi kusintha ayenera kuyamba ndi anthu amenewa, ndipo apa ndi pamene njira yosakaniza imaposa yogawa mipando yeniyeni pa kugulitsika kwake: madera ambiri amatsala, ndipo phungu amene dera lake laphatikizidwa ndi lina atha kupeza malo pa mndandanda. New Zealand inawonjezera mipando kuchoka pa 99 kufika pa 120, Lesotho kuchoka pa 80 kufika pa 120. Ovota sakonda kumva kuti aphungu achuluka, ndipo otsutsa MMP ku New Zealand anagwiritsa ntchito mfundo imeneyi kwambiri mu kampeni ya 1993, mpaka mpikisano unafika pothina.

Pa mpando wa pulezidenti nkhani ndi yopepukirapo, chifukwa 50+1 sichotsa phungu aliyense ntchito. Ku Zambia, kumene Levy Mwanawasa anapambana mu 2001 ndi mavoti osafika 30 peresenti, Edgar Lungu anasaina lamuloli mu Januwale 2016, chipani chake cha PF chili m'boma. Mu Ogasiti chaka chomwecho anapambana nalo ndi 50.35 peresenti. Pamene anagonja mu 2021, Hakainde Hichilema anapeza 59 peresenti, kusiyana kumene kukanamuchotsa Lungu pa lamulo lililonse, lakale kapena latsopano.